Nkhokwe ya Pansi pa Nthaka ku Lunho

Anyanja a ku Lunho, amene midzi yawo yandanda m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Metangula, kufupi ndi mishoni yakale ya ku Msumba, anazindikira kalekale kuti chakudya chobisika m'nthaka chili ndi mwambo wake wosiyana ndi wa mapira. Pakuti ngala ya mapira ikacha amaiona aliyense, ngakhale mbalame za m'mlengalenga, koma muzu umakhwima mumdima, ndipo wofuna kudziwa nthawi yake ayenera kufunsa masamba, mzere ndi chala chake chomwe.

Chinangwa, mbatata ndi kachewere, zonse zitatu kwawo ndi ku America, ndipo ziwiri zoyambazo zinaoloka nyanja yamchere m'zombo za Apwitikizi, nizilowa kumtunda pang'onopang'ono m'njira za amalonda. Pamene William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA anafika kunyanja kuno mu 1882, anapeza anthu atapanikizana m'malinga chifukwa cha Angoni a Magwangwara ndi ogwira akapolo. M'masiku oopsa otero nkhokwe yodzaza inali yoitana adani, popeza mdani akanatha kuifunkha kapena kuitentha m'tsiku limodzi, pamene munda wa chinangwa sakanatha kuusenza pamutu. Chinangwa chimapirira m'nthaka chaka chathunthu ngakhale ziwiri, koma chikazulidwa chimaonongeka pakapita masiku awiri kapena atatu. Chifukwa chake amayi anakhazikitsa lamulo losazula koposa chimene adzavika ndi kuyanika, kuti ufa wa kondowole usasowe ndipo munda usathe. Nzeru yomweyi inasunga miyoyo ya ambiri pa nkhondo yomenyera ufulu imene inayamba mu 1964, ndiponso pa inzake yapachiweniweni imene inatha mu 1992, pamene anthu anali kubisala m'mapiri, ena nathawira ku Likoma.

Mbatata ilibe kupirira kotero, ndipo apa ndi pamene luso la makolo lionekera bwino. Ikatha miyezi inayi kapena isanu, kholowa amayamba kufiira ndi kuyoyoka, mzere nung'ambika pamene pali mbatata yaikulu. Pamenepo mayi wodziwa ntchito yake salikha khasu, koma amafukula ndi kamtengo pa mng'alu pokhapo, nachotsa yaikuluyo, nakwiriranso dothi mosamala kuti zazing'ono zipitirize kukula, kotero kuti mzere umodzi umadyetsa banja masabata ambiri. Akakayika amadula imodzi naisiya pamphepo: utomoni wake ukauma uli woyera, yakhwima, ukada, isiyeni. Kukwirira kuja si ulemu chabe, pakuti dothi likauma mvula itatha, nankafumbwe amalowera m'ming'alu momwemo, ndipo mbatata imene waiboola imawawa kosati n'kudyeka. Wochedwa amataya chakudya monga momwe wofulumira atayira, ndipo akuluakulu ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha sanatanthauze kugona.

Kachewere, amene ena amamutcha mbatatesi, anafika mochedwa, ndipo sanakonde kutentha kwa kugombe, kumene nyanja ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja yamchere. Anakhazikika kumtunda kozizira, ku Lichinga, mzinda umene Apwitikizi anaumanga mu 1931 nautcha Vila Cabral, pa mamita opitirira 1,300, monganso anachitira ku Angónia, Tsangano ndi Dedza. Wa kugombe womuyesa m'dimba lake ayenera kudikira nyengo ya mwera. Chizindikiro choyamba cha nthawi yokumba kachewere ndi duwa: maluwa akayoyoka, pakapita masabata awiri kapena atatu, pansi pamakhala timbatata tanthete tokoma kuphika tsiku lomwelo, koma tosasungika, chifukwa khungu lake limasupuka mukalikhula ndi chala. Wofuna wosunga kapena wogulitsa adikire kufikira mitengo yake itafota, aidule, nalekerere masabata awiri kuti khungu likhwime, ndipo akakumba asamusiye padzuwa, pakuti kachewere wobiriwira ali ndi ululu.

Ine ndiona kuti mlendo uyu, kachewere, sanabweretse nzeru yatsopano. Anangopeza manja ozolowera kale kufunsa nthaka asanaikumbe. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mtengo wa pamsika ndiwo wayamba kulamula tsiku lokumba, matumba a mbatata zanthete nawolera panjira. Inu amene muli ndi agogo akali moyo, pitani nawo kumunda nyengo ino, akakuonetseni pofukula.