Mchira wa Mau: Mbiri ya Reverb M'nyimbo

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, phunziro lathu la lero liyambira ku Chanyanya, mudzi wa asodzi umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kumadzulo kwa tauni ya Kafue. Msodzi akaitana mnzake ali m'bwato pakati pa madambo, mau ake amangopita osabwerera, pakuti kulibe khoma kapena phiri loti agundeko. Koma munthu yemweyo akalowa m'kalasi mopanda anthu, mwa simenti pansi ndi malata pamwamba, naomba m'manja kamodzi, phokosolo limatsalira kwa kanthawi lisanazimirire. Kutsalira kumeneku akatswiri ojambula nyimbo amakutcha reverb.

Chimachititsa zimenezi nchiyani? Mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda chinthu cholimba amabwerera monga mpira woponyedwa pakhoma. Ngati khomalo liri kutali, kupitirira mamita 17, mumamva liu lanu likubwerezedwa bwino lomwe, monga zimachitikira m'mapiri. Koma m'chipinda makoma ali pafupi, kotero mau obwerera amachuluka nasakanikirana, nakhala ngati mchira wa liu loyamba lija.

Munthu woyamba kuyeza mchira umenewu anali mphunzitsi. M'chaka cha 1895, pa yunivesite ya Harvard ku America, panali chipinda chatsopano chophunziriramo chimene ophunzira sanali kumva zonena za aphunzitsi awo, popeza liu limodzi linali kutsalira masekondi oposa 5. Ntchito yokonza vutoli inapatsidwa kwa Wallace Sabine. Iyeyu anali kugwira ntchito usiku, kunja kuli zii, atatenga chitoliro ndi wotchi. Anabweretsa makushoni ambiri a pamipando, ndipo anapeza kuti zinthu zofewa zimamwa mau ndi kufupikitsa mchira uja. Nzeru zakezo zinathandiza pomanga nyumba yoimbiramo ya Symphony Hall ku Boston, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1900.

Nyumba za wailesi ndi zojambuliramo nyimbo zinatsata nzeru yomweyo: makoma ake anakutidwa ndi zinthu zofewa kuti mau a wolankhula amveke bwino. Koma apa panabuka vuto lina. Nyimbo yojambulidwa m'chipinda chotero inali kumveka youma, ngati ndiwo zopanda mchere. Tsono akatswiri anayamba kufunafuna njira yobwezera mchira uja, koma pa muyeso umene iwo eni afuna.

M'chaka cha 1947, Bill Putnam wa ku Chicago anaika chokuzira mau ndi maikolofoni m'chipinda chosambiramo, najambula mau obwerera kuchokera ku makoma ake, nawasakaniza ndi nyimbo ya gulu la Harmonicats. Nyimboyo inagulidwa kwambiri. M'chaka cha 1957, kampani ya EMT ya ku Germany inapanga makina otchedwa EMT 140, amene anali chitsulo chachikulu chopyapyala chonjenjemera ndi mau. Kulemera kwake kunali makilogalamu pafupifupi 270. Enanso anagwiritsa ntchito timasipuling'i tachitsulo, timene tinaikidwa m'zokuzira mau za magitala, popeza tinali topepuka ndi totsika mtengo.

Ife a m'Zambia tiri ndi chitsanzo chathuchathu. M'chaka cha 1975, gulu la anyamata a ku Kitwe lotchedwa Amanaz linajambula chimbale chotchedwa Africa ku Malachite Studios, mu Chingola. Chimbalechi chinatuluka m'mitundu iwiri. Mu mtundu woyamba, mau a oimba ndi ng'oma zimamveka pafupi, ngati oimbawo akhala nanu pakhonde. Mu mtundu wachiwiri anathiramo reverb wambiri, ndipo nyimbo zomwezo zimamveka ngati zikuchokera m'phanga lalikulu. M'chaka cha 2015, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso mitundu yonse iwiri pamodzi. Oimba ndi omwewo, nyimbo ndi zomwezo, koma womvera amamva ngati wafika malo awiri osiyana. Apa mukuona kuti wosakaniza nyimbo ali ndi udindo waukulu.

Patangopita chaka chimodzi chimbalechi chitatuluka, m'chaka cha 1976, EMT inatulutsa makina a EMT 250, amene anali kupanga mchira wa mau mwa kuwerengera masamu, popanda chipinda kapena chitsulo chonjenjemera. M'chaka cha 1996, kampani ya Steinberg inakonza njira yotchedwa VST, imene inalola kuti timapulogalamu tating'ono, totchedwa plugin, tigwire ntchito imeneyi m'kompyuta. Lero mnyamata kapena mtsikana wa ku Kafue amene ali ndi kompyuta angathe kusankha pakati pa chipinda, tchalitchi, chitsulo cha 1957 ndi sipuling'i, zonse ali pampando umodzi.

Nanga asankhe bwanji? Adzifunse mafunso atatu. Loyamba: kodi ndifuna womvera amve ngati ali malo otani? Lachiwiri: kodi mchira utalike motani? Nyimbo yothamanga ngati kalindula imafuna mchira waufupi kuti ng'oma zisasokonezane, pamene nyimbo ya kwaya yoyenda pang'onopang'ono imakoma ndi mchira wautali. Lachitatu, limene liposa onse: kodi mau a nyimbo akumvekabe? Woimba ali ndi uthenga, ndipo uthengawo ukamira m'phokoso, ntchito yonse yapita m'madzi. Nchifukwa chake wosakaniza wanzeru amamveranso nyimbo yake pa kawailesi kakang'ono kapena pa foni, kumene anthu ambiri adzaimverere. Mtengo wa plugin sindiwo uweruza. Khutu ndilo liweruza.

Aphunzitsi, yesani ichi ndi ana anu. Ana atuluke onse, mmodzi aombe m'manja m'kalasi, enawo amvetsere pakhomo. Kenaka pachikani mphasa ndi masaka pamakoma, muombenso. Pomaliza kaombeni kubwalo. Ana alembe kumene mchira unali wautali ndi kumene mau anamveka bwino koposa. Mukatero mudzakhala mutabwereza ntchito ya Wallace Sabine, ndipo mwina ana okhala kumbuyo kwa kalasi adzayamba kukumvani bwino.

Tsalani bwino.