Zimene Munthu Adakula Nazo Monga Gwero la Kafukufuku wa Chiyankhulo

Mphunzitsi wa chiyankhulo m'sukulu yaukachenjede amalowa m'kalasi ali ndi nkhokwe ziwiri: mabuku amene adawerenga, ndi mawu amene adayamwira. Mbiri ya Chichewa ikuonetsa kuti nkhokwe yachiwiriyi ili ndi phindu lalikulu, komanso kuti ikadaliridwa payokha imasokeretsa.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, katswiri wa ziyankhulo wa ku Amereka, Mark Hanna Watkins, adafufuza Chichewa ku Chicago. Amene ankamupatsa mawu ndi ziganizo adali Hastings Kamuzu Banda, yemwe panthawiyo adali wophunzira. Buku lake, A Grammar of Chichewa, lidatuluka mu 1937. Maziko a bukuli adali kukumbukira kwa mwana wa ku Kasungu amene adachoka kwawo zaka zambiri m'mbuyomo.

Samuel Josia Ntara adatsata njira ina. Iye adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, kum'mawa kwa Nathenje. Ngakhale adali Mchewa wodziwa mwambo, polemba Mbiri ya Achewa, imene idasindikizidwa m'zaka za m'ma 1940, adayenda kufunsa akuluakulu a m'madera osiyanasiyana. Zimene ankadziwa kale zidamuthandiza kudziwa choti afunse, koma mayankho adawatenga kwa anthu ambiri.

Mu 1968 Chichewa chidasanduka chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 Bungwe la Chichewa lidakhazikitsidwa. M'nyengo imeneyi mawu a Dr Banda pa nkhani za chiyankhulo adali ngati lamulo. Iwo ankalimbikira kuti nthawi yakale ilembedwe ndi -da-, monga "adapita", pamene anthu a madera ambiri amati "anapita". Ankafunanso lembo la ŵ, ngakhale liwu lake silimveka pakamwa pa Amalawi onse. Apa umboni wa munthu mmodzi udasanduka chigamulo, ndipo alembi ndi aphunzitsi adasowa mpata wotsutsa.

Phunziro lina likuchokera kufupi ndi Mitundu. Mu 1967 koleji ya zaulimi ya Bunda idakhala nthambi ya Yunivesite ya Malawi, ndipo kuyambira mu 2012 ili pansi pa LUANAR. Maphunziro pakolejiyi amaperekedwa m'Chingerezi, koma wotsiriza maphunziro akapita kwa alimi a ku Mitundu kapena ku Nathenje ayenera kuyankhula Chichewa. Pamenepo chimene chimamupulumutsa ndicho chiyankhulo chimene adamva ali mwana kumunda. Alimi adali nawo kale mawu akuti kupalira, kubandira, kaufiti, kapuchi ndi anankafumbwe alangizi asanafike. Zinthu zatsopano nazo adazipatsa mayina okha. Feteleza wokulitsa adamutcha chitowe. Kubzala mbewu imodzi paphando adakutcha sasakawa, potengera bungwe la Sasakawa Global 2000 limene lidafalitsa njirayi kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mayinawa adabadwira m'minda ndi m'misika, ndipo adafala popanda komiti yowavomereza.

Nchifukwa chake wophunzira wokulira m'dera lotere amabwera ku yunivesite ndi chuma chimene mphunzitsi wake nthawi zina alibe. Kumuuza kuti alembe mawu amene agogo ake ankatchula pokolola ndi posunga chimanga, kumene adawamva, ndi amene ankawatchula, nkuyamba kafukufuku weniweni. Komabe ntchito siithera pomwepo. Mawuwo ayenera kuyerekezedwa ndi a mnzake wa ku Mulanje, wa ku Nkhotakota kapena wa ku Chipata, kenaka kufunsidwanso kwa eni ake kumudzi. Zikatero mpamene zimadziwika ngati liwulo ndi la banja limodzi, la dera limodzi, kapena la oyankhula onse.

Bungwe la Chichewa litathetsedwa mu 1995, ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies, imene idatsegulidwa ku Zomba mu 1996 kuti iziyang'anira ziyankhulo zonse za m'Malawi. Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene udatuluka mu 2000, udali ntchito ya gulu la akatswiri.

Alembi, akonzi ndi aphunzitsi angatolepo mfundo zitatu. Poyamba, liwu limene munthu akulikumbukira lilembedwe pamodzi ndi malo ndi nyengo imene lidamveka. Kachiwiri, lisakanidwe chifukwa choti mkonzi sadalimvepo kwawo. Kachitatu, asanapeke liwu latsopano la zaulimi, zaumoyo kapena zamalonda, wofufuza ayambe wakhala tsiku la msika ku Mitundu, ndi kumva ngati anthu sadalipeze kale.