Njira ziwiri zochizira matenda a maganizo

Matenda a maganizo amachizidwa m'njira ziwiri zikuluzikulu: uphungu ndi mankhwala.

Pa uphungu, katswiri amakambirana ndi wodwala pofuna kumuthandiza kusintha kaganizidwe kamene kamamusautsa. Njira yotchuka ya uphungu yotchedwa CBT anaiyambitsa ndi Aaron Beck wa ku America m'zaka za m'ma 1960.

Mankhwala amagwira ntchito muubongo. Mwachitsanzo, chlorpromazine, amene madokotala a ku France anayamba kupatsa odwala misala m'chaka cha 1952, amachepetsa vuto lakumva mawu pomwe palibe woyankhula.

M'dziko muno chithandizochi chimapezeka pachipatala cha Zomba Mental komanso cha St John of God ku Mzuzu. Madokotala amachenjeza kuti wodwala akasiya mankhwala mwadzidzidzi, ngakhale akupeza bwino, matendawa angathe kuyambiranso.