Makolo akasiyana mawu, mwana amvere uti? Mbiri ya cholowa mu Lisp

Mu 1967, Ole-Johan Dahl ndi Kristen Nygaard a ku Oslo anatulutsa Simula 67, chinenero cha kompyuta chimene chinabweretsa kalasi. Kalasi imeneyi si ya kusukulu ayi, koma chikombole choumbira zinthu za mtundu umodzi mu pulogalamu. Kalasi yatsopano inkabadwa kuchokera ku yakale n'kutengera zonse za kholo lake, wolemba n'kungowonjezera chosiyanacho. Smalltalk ya ku Xerox PARC inatsata njira yomweyo, kalasi iliyonse kholo limodzi basi.

Anthu a Lisp, chinenero chomwe John McCarthy anayambitsa ku MIT mu 1958, sanakhutire. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Howard Cannon anapanga Flavors. Ganizolo akuti linachokera m'sitolo ya ayisikilimu ya Steve's ku Somerville, kumene wogula ankasankha ayisikilimu wamba, ogulitsa n'kumusakanizira mtedza kapena maswiti. Mu Flavors, windo la pa sikirini linkatha kutenga malire ake kwa kholo lina, dzina lake kwa linanso. Timakalasi tosakanizato anatitcha mixin, ndipo dzinalo lilipo mpaka lero.

Apa ndiye panabuka mlandu. Makolo awiri akakhala ndi njira zosiyana zochitira ntchito imodzi, mwana atengere uti?

Common Lisp Object System, mwachidule CLOS, ndiyo inauweruza. Inalumikiza New Flavors ya David Moon ndi CommonLoops ya Daniel Bobrow ndi anzake, ndipo komiti ya X3J13, yokhazikitsa malamulo a Common Lisp, inaivomereza mu 1988. CLOS imandandalika makolo onse pamzere umodzi potsata malamulo awiri: mwana amatsogola kholo lake, ndipo kholo lomwe wolemba waliyambirira kutchula polengeza kalasiyo ndi defclass limatsogola linzake. Wakutsogolo ndiye amayamba kugwira ntchitoyo, koma angathe kuitana womutsatira ndi call-next-method, kotero mawu a wam'mbuyo satayika. Malamulo awiriwa akawombana, CLOS imakana kalasiyo poyera m'malo mongolota. Ine ndimaona kuti nzeru yaikulu yagona pa kukanaku, chifukwa cholakwa chobisika chimadya masabata a munthu.

Mzerewo unali ndi chilema chake: nthawi zina mwana ankasintha dongosolo la makolo lomwe kholo lake linali nalo. Opanga Dylan, chinenero chomwe chinabadwira ku Apple ndipo ndi mdzukulu wa Lisp, anafalitsa njira yokonzera zimenezi mu 1996, yotchedwa C3.

Java, yomwe inatuluka mu 1995, inangouzemba mlanduwo poletsa kalasi kukhala ndi makolo awiri. Python inasankha kuusenza, ndipo inatenga C3 mu 2003. Inu amene mumalemba Python, tsiku lina mudzafunse kalasi yanu mro() yake. Mndandanda umene mudzaonewo mizu yake ili ku Lisp.