Tizitsulo Totsala pa Makina Akale Otchetchera Kapinga

Mmisiri akamasula makina akale otchetchera kapinga, nawatsuka, nawamanganso, kawirikawiri m'chitini mumatsala tizitsulo tingapo: bawuti, nati kapena kasipuling'i. Odziwa ntchito sataya tizitsulo totere, pakuti njira yotizindikirira ili m'mbiri ya makinawo.

Makina amenewa anayambira ku England m'chaka cha 1830. Edwin Budding, mmisiri wa kufupi ndi tauni ya Stroud, anaona m'fakitale yoomba nsalu za ubweya wa nkhosa mipeni yozungulira imene inkameta ubweya wotumphuka pamwamba pa nsalu. Iye anaganiza kuti chometa nsalu chingathenso kumeta udzu, umene kufikira nthawi imeneyo unkatchetchedwa pamanja. John Ferrabee ndiye anayamba kusula makinawo, ndipo mu 1832 kampani ya Ransomes ya ku Ipswich inalandira chilolezo chowapanga.

Masiku amenewo fakitale iliyonse inkadula mano a mabawuti monga inafunira, kotero kuti nati ya kwina sinkalowa pa bawuti ya kwina. Mu 1841 Joseph Whitworth wa ku Manchester anabweretsa muyeso umodzi, wakuti mano onse azipendekeka madigiri 55. Pang'onopang'ono mafakitale a ku Britain anautsata, ndipo makina a injini otchuka a m'zaka zotsatira, monga Atco ya mu 1921, anamangidwa ndi mabawuti a miyeso ya ku Britain, yowerengedwa m'mainchesi. Kuyambira mu 1965 mafakitale a dzikolo anayamba kusinthira ku mamilimita, amene mano ake amapendekeka madigiri 60.

Kusiyana kwa mano a miyeso iwiriyi nkovuta kukuona ndi maso, komatu kwawononga makina ambiri. Nati ya mamilimita imayamba kulowa bwinobwino pa bawuti ya Whitworth, kenaka nkulimba. Wopupuluma akaikakamiza ndi sipanala, mano amatha, ndipo chitsulo chimene chinasiya kupangidwa kalekale chimawonongekeratu. Nchifukwa chake wokonza wanzeru amayamba wawerenga mano a bawuti yotsalayo. Ikapezeka kuti ndi ya mamilimita, iye amadziwa kuti mwina sinachokere ku fakitale, koma inaikidwa ndi wina amene anakonzapo makinawo m'mbuyomo. Ngakhale sipanala imasocheretsa: nambala yolembedwa pa sipanala ya Whitworth imanena kunenepa kwa thunthu la bawuti, osati kukula kwa mutu wake.

Tizitsulo topanda mano timazindikirika ndi ntchito yake. Kachitsulo kooneka ngati theka la mwezi ndi kiyi yogwirizitsa gudumu ku mkombero wake. Ikatsala m'chitini, gudumu limaterereka. Kasipuling'i kakang'ono ndi kadzino kachitsulo nthawi zambiri kwawo ndi m'chigudumu cha kumbuyo, chimene pa makina ambiri chinagawidwa pawiri kuti mbali imodzi izizungulira msanga kuposa inzake pokhota. Popanda timeneti, chigudumu chimangozungulira chabe osagwira kanthu. Nalo dzimbiri limathandiza, chifukwa pamene panakhala washala zaka 50 pamatsala chipsera chofanana naye kukula.

Budding uja amatchulidwanso pa chida china. Mu 1842, patangopita chaka chimodzi Whitworth atalengeza muyeso wake, iye anapanga sipanala yotha kukula ndi kuchepa, yogwira mitu ya mabawuti osiyanasiyana. Anamwalira mu 1846.