Kuchoka pa nyanga za chilembwe kufika pa kompyuta: mbiri ya osaka mkuwa ku Kopala

Madzulo mukamayenda mumsewu wa Jambo Drive ku Riverside, mumzinda wa Kitwe, mumapatukirana ndi chigulu cha ophunzira a pa Copperbelt University akubwerera kunyumba zalendi, aliyense maso ali pafoni. Chapafupi pomwepo pamadutsa mtsinje wa Kafue, womwe udapatsa derali dzina. Ambiri mwa achinyamatawa ndi zidzukulu za anthu omwe adathera moyo wawo m'migodi, ndipo nkhani yomwe ili m'kamwam'kamwa pakati pawo ndi ya AI, nzeru za makina zomwe akuti zibwera kudzalanda anthu ntchito. Ku Kopala, monga eniake amatchulira chigawo cha Copperbelt, mantha oterewa si achilendo. Chachilendo n'chakuti makinawa sadalowere kumgodi ndi chitsulo chobowolera thanthwe. Adalowera pa mapepala.

Nkhani yomwe imakambidwa kawirikawiri imati mu 1902 mzungu wina dzina lake William Collier adawombera chilembwe m'mphepete mwa mtsinje wa Luanshya, ndipo nyamayo itagwa, nyanga zake zidatsamira pa mwala wobiriwira. Mwalawo udali wa mkuwa, ndipo mgodi womwe udadzatsegulidwa pamalopo adautcha Roan Antelope, dzina la chilembwe m'Chingerezi. Nkhaniyi ndi yokoma kuimva, koma imabisa zambiri. Anthu a m'derali ankadziwa kale miyala yobiriwirayo, ndipo kwa zaka mazanamazana mkuwa unkasungunulidwa m'ng'anjo kuno ndi kutsidya ku Katanga, n'kumayenda pamalonda kutali. Mzungu adangofika pomwe ena adapondapo kale.

M'zaka za m'ma 1920 kusaka mkuwa kudasanduka ntchito ya mapazi. Akatswiri a miyala ankayenda m'tchire motsata mizere yowongoka, kumbuyo kuli amtengatenga atasenza mahema, mapiki ndi matumba a miyala. Ankayang'ana malo omwe mitengo yakana kumera pakati pa nkhalango, chifukwa dothi lochuluka mkuwa limapha mitengo. Ankayang'ananso kaduwa kena kotchedwa Becium homblei, komwe kamakonda dothi lomwe zomera zina zimalithawa. Chilichonse chomwe ankapeza ankachilemba m'mabuku ndi pa mapu. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Migodi ya Nkana, Mufulira, Nchanga ndi Roan Antelope itayamba kulira, ndipo tauni ya Kitwe itakhazikitsidwa mu 1936, anthu adakhamukira kuno kuchokera mbali zonse. Aliyense wotsika pansi ankayambira pa fosholo, kulayisha miyala yomwe yaswedwa ndi zophulitsira. Koma kudali gulu lina lomwe silinkagwira fosholo. Anyasa, omwe adaphunzira m'sukulu za mishoni kwawo, ndiwo adatenga malo ambiri a ukalaliki: kulemba mayina a olowa ntchito, kudinda matikiti, kuwerengera malipiro, kutanthauzira pakati pa bwana ndi wantchito. Cholembera ndicho chidali makina apamwamba a nthawiyo, ndipo wochigwira ankapita kuntchito atavala malaya oyera. Nsanje idalipo, ndipo siinkabisika. Ogwira ntchito za manja atakhazikitsa bungwe lawo la African Mineworkers' Union mu 1949 motsogozedwa ndi Lawrence Katilungu, sipadapite zaka zambiri akalaliki ndi akapitawo adapatuka n'kuyambitsa lawolawo.

Chomwe ankamenyera anthu a nthawiyo sichidali kuletsa makina ayi. Ankamenyera kuloledwa kuwagwira. Ntchito zaluso zidali za azungu okha, ndipo munthu wakuda ankatha kudziwa makina kuposa mwini udindo koma n'kumalandira kachigawo kochepa ka malipiro ake. Pa sitiraka ya 1935 anthu 6 adaphedwa ku Luanshya, ndipo pa ya 1940 anthu 17 adafa apolisi ndi asilikali atawombera ku Nkana. Ufulu utabwera mu 1964, boma la Kenneth Kaunda lidatenga magawo 51 pa 100 aliwonse a migodi mu 1970, ndipo mu 1982 makampani awiri omwe adalipo adaphatikizidwa kukhala ZCCM. Kuti migodi iyendetsedwe ndi eni dziko padafunika mainjiniya, n'chifukwa chake ku Riverside kudali Zambia Institute of Technology, pamalo pomwe mu 1987 padakhazikitsidwa Copperbelt University.

Apa mpomwe mbiri imatsutsa zomwe ambiri amaganiza. Ntchito za ku Kopala sizidadyedwe ndi makina. M'zaka za m'ma 1970 migodi inkalemba anthu oposa 60,000, koma pofika 2001 adatsala osakwana 20,000. Chidawachotsa ndi kugwa kwa mtengo wa mkuwa pamsika wa ku London, ngongole za boma, ndi kugulitsidwa kwa migodi komwe kudafika pachimake mu 2000, pomwe Nkana ndi Mufulira zidapita m'manja mwa kampani ya Mopani. Mkuwa womwe unkapitirira matani 700,000 pachaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 udatsikira pa matani pafupifupi 250,000. Munthu ankachotsedwa ntchito ndi kalata yosainidwa muofesi, ndipo ntchito zitayamba kubwerera, zambiri zidabwera kudzera mwa makontilakitala, zopanda nyumba ya kampani, chipatala cha kampani, ngakhale chitsimikizo cha mawa. Ana a anthu amenewo ndiwo mudawaona akukumba pa Black Mountain, chimulu cha zotsalira za ng'anjo ya Nkana pafupi ndi Wusakile, pomwe mu June 2018 anthu 10 adafa chimuluchi chitawagumukira. M'dziko lomwe anthu akukamba za maloboti, mnyamata ankasakabe chakudya ndi piki ndi thumba.

Tsopano tibwerere ku mabuku ndi mapu aja. Mu December 2022, patangopita masabata ochepa pulogalamu ya AI ya ChatGPT itatulutsidwa, kampani ya ku California yotchedwa KoBold Metals idalengeza kuti iika madola 150 miliyoni pa malo a Mingomba, pafupi ndi Chililabombwe. Kampaniyi idayamba mu 2018, ndipo ena mwa omwe adaikamo chuma ndi Bill Gates ndi Jeff Bezos. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Imasonkhanitsa zonse zomwe zidalembedwapo za nthaka ya dera: mapu akale, malipoti a zitsime zomwe ena adabowola, zoyeza za dothi, zithunzi zojambulidwa kuchokera m'mwamba. Zonsezi imazilowetsa mu kompyuta, ndipo kompyutayo imafananiza zinthu zochuluka kuposa zomwe munthu angawerenge m'moyo wake wonse, n'kuloza pomwe pakuyenera kubowoledwa. Mwala ukatuluka m'chitsimecho, zoyeza zake zimabwezedwa mu kompyuta, iyo n'kukonza maganizo ake isanaloze malo ena. Kubowola chitsime chozama kupitirira kilomita imodzi kumadya ndalama zambiri, choncho chitsime chilichonse chomwe chapewedwa ndi phindu.

Mu February 2024 KoBold idati Mingomba ndi mkuwa waukulu kuposa wina uliwonse womwe wapezeka mu Zambia pa zaka 100. Ine mawu oti "wapezeka" amandikumbutsa chilembwe cha Collier. Malowa ankadziwika kale ndi dzina la Lubambe Extension, ndipo makampani ena adabowolapo KoBold isanabwere. Chomwe makina adachita ndi kuwerenga mwaluso zomwe anthu adalemba, n'kuonetsa kukula ndi kulemera kwa chuma chomwe chidali chodziwika mwapatalipatali. Imeneyo si ntchito yaing'ono, koma ndi ntchito ya kalaliki ndi katswiri wa miyala, osati ya mwamuna wa fosholo. Ndiye ngati pali woyenera kutchera khutu, ndi wa malaya oyera uja, mdzukulu wa kalaliki wa Chinyasa, yemwe lero wakhala m'kalasi ku Riverside.

Si zonse zomwe zili zodetsa nkhawa. Yemwe akutsogolera KoBold kuno ndi mayi wa ku Zambia, injiniya Mfikeyi Makayi, chinthu chomwe anthu a 1940 sakadachilota. Kampani ya boma ya ZCCM-IH ili ndi magawo 20 pa 100 mu Mingomba. Ndipo nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta a AI ku America ndi ku China zimafuna mkuwa wochuluka wa mawaya, kotero makina omwewo akukweza mtengo wa chomwe Kopala amagulitsa. Boma la Hakainde Hichilema likufuna kuti pofika 2031 dziko lizitulutsa matani 3 miliyoni pachaka, kuchoka pa matani oposa pang'ono 800,000 a mu 2024.

M'chaka chomwecho cha 2024, unduna wotsogozedwa ndi nduna Felix Mutati udakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza AI. Idatuluka pa nthawi yomwe chilala chidachepetsa kwambiri madzi opangira magetsi m'nyanja ya Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, wophunzira akuyenda ndi chaja m'thumba kusaka pomwe pali jenereta. Ndondomeko papepala ndi yabwino, koma kompyuta siyaka ndi pepala.

Mapu omwe makina akuwerenga lero adalembedwa ndi anthu omwe adayenda m'tchire la Zambia, ndipo miyala yake idasenzedwa pamitu ya agogo athu. Shafti ya Mingomba ikadzayamba kutulutsa mkuwa, musadzangowerenga matani. Mudzafunsenso kuti mwa omwe akulemba ndi kuyendetsa mapulogalamu a kompyutazo, ndi angati adadutsa pa Jambo Drive.