Timaitcha Mfuti, Timaigwira Ngati Hamala

Mlamu wanga amakhoma mipando ya sofa m'kashedi ka malata, ndipo Loweruka ndimakonda kukakhala kumeneko pabenchi, kumamwa tiyi wa eni ake ndikuonerera anzanga akukhetsa thukuta. Kale phokoso la pamalopo linali la hamala ndi sowo. Lero limayamba ndi kompuresa kuguguda pakona, kenako tha! tha! tha! nsalu yamatika kale pathabwa iwe usanameze n'komwe. Chida chochita zimenezi anyamata ena amangoti gani, ena amati mfuti, ndipo dzina lachiwirili ndi loona kuposa mmene olitchulawo amaganizira.

Pokhala pabenchipo ndaona kuti mawu a ntchito imeneyi anatifika mokondera. Chilichonse chimene munthu amakagula kuhadiweya chili ndi dzina, ndipo ngakhale mnyamata wa miyezi iwiri amalidziwa pamtima. Mtumeni F30, abwera ndi timisomali ta timitu tochepa totalika mamilimita 30. Muuzeni 1013J, abwera ndi masitepulo omatira nsalu a miyendo ya mamilimita 13. Koma mufunseni zimene zachitika pamene msomali watulukira pomwe sanaloze, yankho ndi limodzi basi: "Yalumpha." M'liwu limodzi lomweli mwabisala ngozi zitatu zosiyana, iliyonse ndi chiyambi chake, ndipo tizifika.

Liwu loyamba kusokoneza wophunzira ndi geji, chifukwa pashedi limatanthauza zinthu ziwiri. Pali geji yokhala ngati wotchi, yoonetsa mphamvu ya mpweya. Palinso geji ya msomali, imene ndi kunenepa kwa waya amene msomaliwo unapangidwa nawo, ndipo imawerengedwa chobwerera: nambala ikamakula msomali ukuwonda. Wa geji 15 kapena 16 ndi wonenepako, wokhomera mafelemu ndi matabwa okongoletsa m'mbali mwa khoma. Wa geji 18, umene m'masitolo amautcha brad, ndiye wa F30 uja. Wa geji 23 ndi kasingano kopanda mutu komwe. Mfuti zikuluzikulu zokhomera mapaso ndi mitanda ya denga zimadya misomali yeniyeni, ya mamilimita 50 mpaka 90. Sitepulo nayo ili ndi mutu ndi miyendo, ndipo mutuwo ndi umene uyenera kugwirizana ndi mfuti. Ukasiyana ndi milimita imodzi yokha, masitepulo amalowa ndithu m'magazini, mosungiramo misomali, koma amakakamira pamphuno pa mfuti. Mfuti zina zimene anthu amati zafa zinangodyetsedwa chakudya cha inzake.

M'kati mwa chidachi mulibe zodabwitsa. Kompuresa imapanikiza mpweya m'thanki, mpweyawo umayenda m'payipi n'kukadikira m'chigwiriro cha mfuti. Munthu akakhethemula, valavu ya kumutu imatseguka, mpweya umagwera pa pisitoni, pisitoniyo imatsika mu silinda ikukankha kachitsulo kakatali kaphanthiphanthi kamene mlamu wanga amakatcha lilime. Lilimelo limadula msomali umodzi pamzere wa anzake n'kuulowetsa m'thabwa. Pansi pa silinda pali kamphira kolimba kolandira pisitoni kuti chitsulo chisamenye chitsulo chinzake. Mpweya wotha ntchito umatulukira kumutu, sipuling'i ya m'magazini imakankhira msomali wina kutsogolo, ndipo zonsezi zatha diso lisanaphethire.

Puresha ndi liwu limene aliyense amalitchula koma ndi ochepa amaliwerenga. Pa wotchi pamakhala mizere iwiri ya manambala, psi ndi bar, ndipo bar imodzi ndi pafupifupi psi 14.5. Mfuti zambiri zimafuna pakati pa psi 70 ndi 120, kapena tinene bar 5 mpaka 8, ndipo malire ake amakhala atalembedwa pathupi la chidacho. Kompuresa zambiri zili ndi mawotchi awiri: ina ikunena za mpweya wa m'thanki, inayo za umene ukupita kumfuti utadutsa pa regyuleta. Ya ntchito ndi yachiwiriyo. Msomali ukakana kumira mu bulugamu wouma gwa, dzanja limathamangira kupotokola regyuleta mpaka kumapeto. Msomali umamiradi, koma mphira za m'kati zimaphwanyika msanga, mfuti imakankha mwamphamvu, ndipo pa pulayiwudi woonda msomaliwo umangoboola n'kupitirira ulendo wake kuseri, kumene mwina kuli bondo la mnzako. Kawirikawiri vuto silikhala puresha n'komwe. Kathanki ka malita 24 kakamadyetsa mfuti ziwiri, mpweya umatha msanga kuposa mmene mota ikubwezerera. Mphamvu ya mpweya ndi kuchuluka kwake ndi nkhani ziwiri, monga mmene madzi othamanga m'kapayipi kakang'ono amachedwera kudzaza ndowa.

Apa ndiyikepo chenjezo limodzi lopanda kukambirana. Magetsi akazima, oda ya kasitomala ili pakhosi, maso amagwera pa silinda ya okosijeni ya wowotcherera zitsulo wapafupi. Okosijeni wopanikizidwa akakumana ndi mafuta a m'mfuti chimachitika ndi kuphulika. Mfuti imeneyi imadya mpweya wa kompuresa wodutsa pa regyuleta, palibenso china.

Tsopano tifike pa mawu amene sitinawalandire. Mfuti zambiri, makamaka zikuluzikulu, zili ndi kachitsulo ka sipuling'i kunsonga kwa mphuno. Kamphuno kameneka kakapanda kukanikizidwa pathabwa, chokhethemulira chimakhala chakufa. Opanga zida anagwirizanitsa ziwirizi m'njira ziwiri zikuluzikulu. Njira yoyamba pa Chingerezi amati full sequential trigger, ife tingati yotsata ndondomeko: ukanikize kamphuno kaye, kenako ukhethemule, msomali umodzi utuluke, ndipo wina sutuluka mpaka utatukula mfuti ndi kumasula chala. Yachiwiri amati contact trigger, tingati yogunditsa: chala chimagwiriratu chokhethemulira, ndiye paliponse pamene kamphuno kagunda, msomali watuluka. Amisiri amaikonda chifukwa imathamanga ngati makina osokera. Tsoka lake n'lakuti kamphuno sikasiyanitsa thabwa ndi ntchafu. Munthu akutsika pamakwerero chala chili pomwepo, mfuti n'kukhudza mwendo wake kapena mutu wa wogwira makwereroyo, imawomba monga inapangidwira. Kunja ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo wogula amene sadziwa kuti zilipo ziwiri sangafunse. Palinso mfuti zambiri zotchipa za masitepulo a sofa zimene zilibiretu kamphuno. Chala chikangodina, sitepulo yauluka, ngakhale italoza m'mwamba.

Ku America, kumene nyumba zambiri amamanga ndi matabwa, anawerengapo. Bungwe la CDC linapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2005 anthu pafupifupi 37,000 pachaka ankathamangitsidwa nawo kuchipatala atavulala ndi mfuti za misomali. Mu 2011 mabungwe a OSHA ndi NIOSH anatulutsa kabuku kochenjeza omanga nyumba, kamene kanasonyeza kuti mwayi wovulala ndi mfuti yogunditsa ndi wowirikiza kawiri poyerekeza ndi yotsata ndondomeko, ndiponso kuti oposa theka la ovulalawo amalasidwa m'manja ndi m'zala. Dzanja lolasidwalo nthawi zambiri ndi lija logwirizira thabwa.

Tibwerere kwa "yalumpha" uja. Koyamba ndi kuwomba kawiri. Mfuti ikawomba imabwerera m'mbuyo pang'ono, mkono wa munthu n'kuibwezera pathabwa mosadziwa, ndipo ngati ili yogunditsa msomali wachiwiri umatuluka pamalo amene sunaitanidwe. Kachiwiri ndi kunjanja: msomali wagunda mfundo ya thabwa, bawuti kapena msomali wakale wobisika, wapindika n'kuuluka, ndipo kawirikawiri umafuna kumaso. Amene amagwiritsa ntchito matabwa a mapaleti akale aziyang'ana kawiri. Kachitatu ndi kupatuka. Msomali woonda wa geji 18 umatsata mitsempha ya thabwa, umakhota m'kati mosaoneka n'kutulukira m'mbali, pomwe chala chachikulu chagwirizira. Mankhwala a zitatuzi ndi osiyana: koyambako sintha chokhethemulira, kachiwiriko yendera thabwa ndi kuvala magalasi, kachitatuko chotsa dzanja. Malangizo amati dzanja logwirizira litalikire masentimita 30 kuchoka pokhomapo, ndipo kachidutswa kakachepa kagwidwe ndi kilampu. Mnyamata amene ali ndi liwu limodzi lokha pa zonsezi amaphunzirapo chinthu chimodzi chokha, chakuti mfutiyi ndi yamwano.

Tsiku lina ndinaona mfuti itatsamwa. Mnyamata anaitembenuza, n'kuloza mphuno kumaso kwake ngati akusuzumira m'botolo, kwinaku akufufuza kamsomali koti atokosere. Mlamu wanga sanakuwe. Anangoyenda msanga, n'kugwira mkono wa mnyamatayo kuutsitsira pansi.

"Iwe, payipi wachotsa?"

"Kompuresa ndazimitsa, bwana."

"Sindinafunse kompuresa. Payipi."

Mnyamata anakoka kakapula kolumikiza payipi ndi mfuti, mpweya unati pfuu, nkhope yake n'kusintha. Kuzimitsa kompuresa kumangoimitsa mota. Thanki ndi payipi zimakhala zidakali zodzaza, ndipo lilime lokakamira limangodikira kuti chotchingacho chisunthe. Dongosolo lake ndi ili: payipi ichoke, misomali ituluke m'magazini, mphuno itsegulidwe, chopindikacho chizulidwe ndi pulayala. Kakapulako kali ndi mbali ziwiri, yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaikazi ili ndi valavu yotseka mpweya. Yaikaziyo malo ake ndi kupayipi. Mukaimanga kumfuti, mpweya umatsekeredwa m'chigwiriro, ndipo mfuti yochotsedwa kale payipi ikhoza kuwombabe kamodzi. Pfuu ujayo ndiye umboni woti chida chafadi. Pobwezera payipi nayonso mphuno iloze pansi, kutali ndi phazi.

Chimene chinatsamwitsa mfuti ija chinadziwika pambuyo pake: kamphuno kanali katamangidwa ndi waya kuti kakhale kokanikizika nthawi zonse, ati kamachedwetsa ntchito. Amene anamanga sanapezeke. Mlamu wanga anadula wayayo mwakachetechete, ndipo ine ndinaona kuti tiyi wanga wazizira.

Kusamala chidachi kulibe mawu ambiri, koma awiri ndi ofunika. Loyamba ndi mafuta. Madontho awiri kapena atatu polowera mpweya m'mawa uliwonse amafewetsa timphira tozungulira totchedwa O-ring, timene timatseka mpweya m'kati. Akhale mafuta a zida za mpweya. Oyilo wa injini ya galimoto, amene pashedi sasowa, ali ndi mankhwala otsukira amene amawononga timphirato, ndipo pakapita nthawi mfuti imayamba kulira tsii kumutu ngati tayala lobooka. Zilipo mfuti zina zolembedwa kuti sizifuna mafuta, zimenezo musazithire. Liwu lachiwiri ndi kukhetsa. Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira umasiya madzi m'thanki, makamaka m'dzinja. Pansi pa thanki pali kavalavu kamene anthu ambiri sadziwa kuti kalipo. Katseguleni poweruka, muone madzi ofiira ngati a m'chithaphwi akutuluka. Akakhalitsa amakwera m'payipi kukachititsa dzimbiri m'mfuti, kwinaku akudya thanki kuyambira m'kati. Thanki yobooka ndi dzimbiri siyowotcherera, ndi yotaya, ngakhale wowotcherera atalumbira bwanji. Kuwomba mfuti yopanda misomali, kumene anyamata amakonda poyesa ngati mpweya wakwana, kumaphwanya kamphira kolandira pisitoni kaja.

Za makutu tingonena mwachidule: phokoso lopitirira madesibelo 85 tsiku lonse limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo kompuresa ndi mfuti m'kashedi ka malata sizinong'ona.

Ngozi ikachitika, mtima umafuna kuzula msomaliwo pomwepo. Misomali ya mfuti imabwera yomatidwa ndi guluu, pulasitiki kapena tiwaya, ndipo tizidutswa take timalowa nawo m'mnofu. Ina imakhala ndi timinga ta waya tokola ngati mbedza. Wolowa kwambiri, kapena wa pafupi ndi fupa, diso kapena pachifuwa, usiyeni momwemo, munthuyo apite kuchipatala akamujambule, ndipo mukumbutse za katemera wa kafumbata.

Inu amene muli ndi anyamata pashedi, Lolemba likubwerali musanayatse kompuresa, itanani onse. Aliyense anene ngati mfuti imene amagwira ndi yogunditsa, yotsata ndondomeko kapena yopanda kamphuno, ndipo akuonetseni pamene pali kavalavu kokhetsera madzi. Kenako yang'anani pamphuno pa mfuti iliyonse. Mukapezapo waya, dulani.